Kakhitchini kamene abambo anamangira amayi

Chaka chimene khoma la nyumba yathu yaikulu linagwa ndi mvula, amayi anali atayamba kale kuvutika kuona. Ng'ala inawagwira maso onse awiri pang'onopang'ono, ndipo ankati dziko likuwaonekera ngati m'mawa wa chifunga. Makolo anga amakhala cha ku Nambuma, ine ndinkaphunzitsa ku Namitete. Nditamva za khomalo ndinanyamuka ndi ganizo limodzi, lokawatenga amayi kuti azikakhala ndi ine.

Ndinawapeza atasamukira m'kanyumba kamene mchimwene wanga anamanga ali mnyamata, asanapite kukasaka ntchito kunja. Kanali ka chipinda chimodzi. Bedi litalowa, panangotsala malo oti munthu atembenukirepo. Katundu wa m'nyumba yaikulu anali ataunjikidwa m'chigafa cha fodya. Amayi anali pakhonde, phazi atalimanga nsalu, chifukwa dzulo lake anaponda khala la moto pophika pa mafuwa.

"Amayi, tiyeni kwathu," ndinatero. "Kumeneko simuzikavutika ndi moto. Muzikangokhala."

"Ndizikangokhala ngati thumba la chimanga pakona, eti?" anandiyankha. "Mwanawe, ine sindinafe. Maso okha ndi amene andithawa. Manja alipo."

Abambo ankamvetsera akusenga mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wosayankhula kawirikawiri, mlimi wa fodya ndi mtedza, ndiponso mkulu wa mpingo. Ukalipentala sanaphunzirepo, ndipo chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo atagwira mthiko. Anaika mpiniwo pansi nati, "Asiye amayi ako. Ndiwamangira pophikira pompano."

Sindinawatsutse, koma mumtima ndinkati mwezi sutha andiitana.

Mvula itayamba kuchepa anayamba kutola njerwa za khoma logwa lija, n'kumazipala dothi ndi chikwanje imodzi ndi imodzi. Anaboola khomo kumbuyo kwa kanyumbako, kuti amayi azichoka pabedi n'kulowa m'khitchini osatulukira panja. Nditabweranso ndinapeza makoma afika m'chiuno, ndipo ndinadandaula poona kuchepa kwake. Munthu ataima pakati n'kutambasula manja ankakhudza makoma onse awiri.

"Abambo, njerwa zilipo zambiri. Bwanji osakuzako pang'ono?"

"Funsa eni ake," anatero akuloza amayi ndi chipande chomangira.

Amayi anati, "Ndinawauza ndine. M'chipinda chachikulu ndimasochera. Muno ndikatambasula dzanja ndizidziwa pamene ndili."

Kuyambira pamenepo ndinaona kuti ntchitoyi ankaigwira awiri. Chilichonse abambo ankayeza ndi thupi la amayi. Ankawaimiritsa pakhoma, amayi n'kukweza dzanja mpaka pamene likufika osanyanyamphira, abambo n'kulemba mzere ndi khala. Kenako amayi ankakhala pa kampando kawo n'kutambasulira dzanja kumanja ndi kumanzere, abambo n'kulembanso. Kunja kwa mizere imeneyo sikunaikidwe kanthu kofunika tsiku ndi tsiku.

Chovuta chinali moto. Mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anali ndi mbaula yadothi yomangira pansi, imene moto wake umakhala m'kati. Abambo anakwera njinga kukaiona. Anagwada m'khitchini ya eni, kuisuzumira, kupisamo dzanja, kufunsa kuti dothi lake ankasakaniza ndi chiyani. Nkhani inafika pa sitolo kuti mkulu wa mpingo wayamba kuyendera makhitchini a akazi a eni, ndipo anzawo anawaseka kwa milungu ingapo. Iwo ankangoti, "Sekani, inu maso a akazi anu akadali bwino."

Anakumba dothi la pachulu, kulisakaniza ndi ndowe ndi mchenga, n'kuliponda ndi mapazi. Mbaula yoyamba inang'ambika itauma. Anaigumula osadandaula. Yachiwiri anaiumitsa pang'onopang'ono ataifunditsa masaka onyowa, ndipo inagwira. Inali yofika m'mawondo, ya mabowo awiri, kamwa lolowetsera nkhuni lili kumbali, kutali ndi mapazi a wophika. M'mphepete mwake anaumbamo kamlomo kotukuka, kuti dzanja lizikumana nako lisanafike pa poto. Pamwamba pa khoma anasiya mipata yotulukira utsi.

Kenako panabwera za kosunga zinthu. Pomanga khoma la kumanja ankadumpha njerwa apa ndi apo, n'kusiya timapanga tokwana chitini chimodzi. Chitseko cha nyumba yakugwa anachidula ndi sowo yobwereka, n'kupanga mashelefu a mbale ndi makapu, ndipo kutsogolo kwake anakhomerako kansungwi kuti mbale isatsetsereke ikagundidwa. Mikangala yopachikapo fodya anaipingasa kudenga. Pamenepo panakhala nsanja ya chimanga cha mbewu ndi zikwatu za mfutso, pamene utsi umadutsa. Mthiko, chipande ndi sefa zinapeza misomali yawoyawo kumbuyo kwa chitseko. Mtsuko wa madzi anaukumbira kadzenje pakona kuti ukhazikike, usagubuduzike. M'chipinda chogona anakweza bedi ndi njerwa, pansi pake n'kulowetsa zidebe za ufa ndi za nyemba, zovindikira bwino chifukwa cha makoswe. Zovala za kutchalitchi zinapita pa nsungwi imene anaipachika pamwamba pa mapazi a bedi. Kanyumba kamene poyamba sikankakwana anthu awiri kanameza pafupifupi zonse zofunika za m'chigafa muja.

Loweruka lina ndinafika masana ndipo ndinamva kuseka kuchokera kuseri. Nditasuzumira ndinapeza abambo atadzimanga kumaso ndi duku la amayi, ali pakati pa khitchini, manja ali patsogolo. Amayi anali pa kampando pakhomo akulamula.

"Ndipatseni mchere."

Abambo anapapasa khoma n'kutulutsa chitini.

"Gwedezani ndimve. Ameneyo ndi shuga. Bwezerani. Tsopano chipande."

Potembenuka anagunda chipumi pa ngodya ya shelefu, moti ndinamva kugunda kwake ndili panja. Anakhala pansi atagwira pamutu, duku likadali kumaso.

"Mwapweteka, bambo?" amayi anafunsa, kuseka kutatha.

"Ayi. Bola yagunda ine."

Tsiku lomwelo anazula shelefuyo, kuisuntha, n'kusenga ngodya zonse za matabwa mpaka zitakhala zobulungira. Masiku otsatira ankabwereza zomwezo akawonjezera kanthu katsopano, ndipo akapunthwa pena pake ankakonza pamenepo asanalole amayi kulowa.

Za zitini anazithetsa amayi. M'mawa wina anathira soda wophikira therere mu tiyi, ndipo abambo anamwa theka la kapu osanena kanthu, mpaka amayi atalawa okha. Anakalipa kwambiri, osati chifukwa cha soda, koma chifukwa chowabisira. "Mukandinamiza, ndidziwa bwanji kuti ndalakwitsa?" Atatero anaitanitsa zitini zonse pamphasa. Cha mchere anachimanga mphira wa njinga, cha shuga chingwe cha saka, cha masamba a tiyi kansalu, cha soda waya. Lamulo linali lakuti chinthu chikachoka pamalo pake chibwerere pomwepo. Ine ndinaliphwanya kamodzi, nditatsuka mpeni n'kuusiya pa shelefu ya makapu, ndipo abambo, amene sanandikalipirepo ngakhale ndili mwana, anandiitanira kumbali n'kundiuza motsitsa mawu kuti m'nyumba muno mpeni wosochera ndi njoka.

Amayi anaphika m'menemo nyengo yonse yokolola ndi chilimwe chake osapsanso. Ankafutsa nkhwani, kuphika thobwa la anthu otithandiza kukumba mtedza, ngakhale chigumu chopita nacho kwa odwala. Amayi a kumpingo akabwera kudzawaona ankafuna kuwalanda ntchito, koma m'khitchinimo munalibe malo a munthu wachiwiri, choncho ankangokhala pakhonde n'kumalandira tiyi.

Chaka chotsatira tinamva kuti kuchipatala kwabwera madokotala a maso. Amayi ankaopa mpeni, koma abambo anawanyengerera mpaka analola. Anawachita opaleshoni diso limodzi. Tsiku lochotsa bandeji ndinali nawo, ndipo pobwerera ankawerenga mokweza zikwangwani zonse za m'njira ngati mwana wa sitandade 2. Titafika kunyumba sanakhale pansi. Analunjika kuseri, naima pakhomo la khitchini, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Abambo anali kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja.

"Kodi bambo," amayi anatero, "shelefu imeneyi yakhala yopendekeka chonchi nthawi yonseyi?"

"Khoma ndi limene linapendekeka. Ine ndinangolitsatira."

"Nanga mbaulayi, bowo lina lalikulu ngati kamwa la ng'ona?"

"Limenelo munayeza ndinu ndi poto wa nyemba."

Amayi anaseka kwambiri, moti dotolo akanakhalapo akanawaletsa. Kenako analowa m'kati. Anali ataona mizere ya khala ija, imene inali isanafufutike pakhoma, ndi ngodya zosengedwa, ndi zala za abambo zimene zinadinda m'dothi la mbaula pouma. Anaika dzanja lawo pamenepo. Abambo anatsokomola nati mawa abwereka chida choyezera kwa mmisiri kuti awongole mashelefuwo.

"Musakhudze kanthu," amayi anatero. "Pitani mukatenge nkhuni, mwanayu ali ndi njala."

Patapita nthawi mchimwene wanga anabwera kudzamanganso nyumba yaikulu, ndipo anaikamo khitchini yasimenti yokhala ndi makabati ogula m'tauni. Makolo anga amagona m'nyumba imeneyo tsopano, koma m'makabatimo muli mbale za alendo zokha. Kuphika kukadali kuseri kuja. Abambo nawonso amangapo mbaula zina m'mudzimo, ina kwa mmodzi wa anzawo ankawaseka aja, amene mkazi wake anayamba kuvutika msana. Ulendo wapitawu ndinawapeza akuponda dothi pabwalo la eni, buluku atapindira m'mawondo, mwini nyumba akuwathirira madzi ndi ndowa uku akufunsa ngati mchenga wakwana.