Liwu Limene Linatsala Pakamwa pa Mlaliki

Wometa wina anakalambira m'kachipinda kake ka galasi long'aluka, lumo lili m'manja. Sanali munthu wa mawu ambiri. Loweruka lililonse ankatseka msanga, n'kupita kukameta mkulu wake.

Mkulu wakeyo anali mlaliki wa mawu ngati bingu, kufikira m'mawa wina pamene anagwa akumanga zingwe za nsapato. Anatsitsimuka mbali imodzi itafa, lilime litamangika. Pa mawu onse amene ankatonthoza nawo anthu panatsala limodzi lokha, ndipo linali lotukwana, la mtundu uja umamveka kumowa. Akafuna madzi, lomwelo. Akafuna kuthokoza, lomwelonso.

N'chifukwa chake wometa ndi mlamu wake, mkazi wa mlalikiyo, ankabweza alendo pakhomo. Ankadziwa pakamwa pa anthu: akangomva, adzati munthuyu anali ndi zake zamseri, Mulungu wamuyalutsa.

Loweruka lina mlamu atapita kumsika, ampingo analowa okha, mkulu wampingo ndi amayi awiri. Anapeza wodwala ali pampando, thovu lili mbuu kumaso.

"Abusa, mukutizindikira?" anafunsa mkulu wampingo.

"Asayankhule," anatero wometa, akuika lumo pafupi ndi mlomo. "Ndingawacheke."

Anameta pang'onopang'ono. Ndevu zitatha anapakanso thovu, n'kumameta khungu lokhalokha. Alendo sanasunthe. Mumtima wometa ankakangana ndi Mulungu wake: munthu anakutumikirani moyo wake wonse, bwanji osamusiyira ngakhale ameni?

Sopo anatha. Wometa anapukuta nkhope ija, wodwala n'kukweza maso. Anawazindikira alendowo, misozi inalengeza, ndipo analitulutsa liwu lija momveka bwino, kawiri.

Mkulu wampingo anayang'ana nsapato zake. Mayi mmodzi anafumbata chikwama n'kuimirira.

"Takhala pansi, iwe," anatero mnzake, mayi wogulitsa makala, wa zikhatho zakuda. Anakokera mpando pafupi. "Tamva, abusa, mwatilonjera. Ine tsiku limene ndinaika mwana wanga ndinanena loposa limeneli, nditayang'ana kumwamba. Mulungu sanandiuze chifukwa chake mpaka lero, komanso sanandithamangitse."

"Koma mayi, mawu oterewa m'kamwa mwa mtumiki..." anayamba mkulu wampingo.

"Amene anawasiyira liwuli amalimva tsiku lililonse. Ife ndiye tili ndi makutu oyera kuposa ake?" Kenaka mayiyo anatembenukira kwa wometa. "Inunso achimwene, mukanawasenda ngati mbatata. Bweretsani mafuta, khungu lafiira ili."

Mkulu wampingo anatuluka osapemphera, ndipo m'nyumbamo sanapondemonso. Amayi awiri aja anatsala. Wometa anabweretsa mafuta, n'kuima chapatali akuonerera zikhatho zamakala zikusisita masaya a mkulu wake. Dzuwa litapendeka anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo anali iye amene anafunsa, mawu ali pansipansi, ngati angabwerenso.