Foni ya M'thumba la Mkulu Wosadziwika

Pamsika ponse ankawadziwa ndi dzina loti a Nambala. Anali bambo wamtali, wa magalasi omanga ndi waya, ndipo ankakonza mafoni m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Ntchito ankaidziwa, zimenezo panalibe wotsutsa. Chomwe chinkatopetsa anthu ndi kope lawo. Ukawapatsa foni, asanafunse n'komwe kuti yatani, ankayamba atsegula kumbuyo, kuchotsa batire, n'kukopera manambala khumi ndi asanu aja otchedwa IMEI, amene foni iliyonse imabadwa nawo ndipo sasintha ngakhale usinthe simukhadi kakhumi. Akatero ankalemba dzina lako, ntchito yako ndi kumene umakhala, iwe uli chiimire. Wometa uja ankawaseka kuti tsiku lina adzafunsanso dzina la agogo ake a foniyo.

Khalidweli silinangoyamba lokha ayi. Ali mnyamata anagonapo masiku atatu m'chitokosi chifukwa cha foni yobedwa imene munthu wina anawasiyira kuti akonze. Apolisi atawafunsa kuti anabweretsa ndani, iwo sankadziwa dzina lake ngakhale kumene ankakhala. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzalandiranso foni osalemba za mwini wake. Makope anafika khumi ndi anayi, ndipo akazi awo ankadandaula kuti akutha malo m'kabati ya mbale.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera bambo wovala jombo zoyera, wogwira ntchito kunyumba yachisoni ya pachipatala. Anatulutsa m'kajumbo kafoni ka mabatani, kophwanyika ngati kapondedwa ndi ng'ombe. Anati kuntchito kwawoko kwagona mkulu wina wa imvi amene anagundidwa ndi galimoto masabata atatu apitawo. Chitupa analibe, m'malaya mwake munangopezeka kafonika, simukhadi yake inathothoka pangozipo, apolisi analengeza koma sikunabwere munthu. Kalata yofunsa ku kampani ya mafoni inapita, yankho kuli zii. Tsono Lachisanu akhonsolo adzamutenga kukamuika m'dzenje limodzi ndi ena opanda abale.

"Ine ndasunga anthu ambiri, achimwene," anatero bamboyo, "koma uyu akundimvetsa chisoni. Malaya ake ndi ochapidwa, zigamba zake zosokedwa mwaluso. Munthu ameneyu ali ndi wake."

A Nambala anaoneratu kuti foniyo siingadzukenso. Koma atatsegula anaona mmene waya wa sipika analumikizidwira, ndipo anazindikira kuti linali dzanja lawo lomwe. Kapepala ka manambala kanali kakuda ndi dothi. Anakapukuta ndi thonje pang'onopang'ono mpaka onse khumi ndi asanu anaoneka.

Anatseka kachipindako dzuwa lili pamutu, zomwe anali asanachitepo. Kunyumba anayala makope onse pansi, akazi awo n'kukhala mbali inayo. Mayiwo, amene zaka zonsezi ankawanyoza makopewo, tsiku limenelo anangopukuta manja n'kutenga kope lawo. Ankayang'ana manambala anayi omalizira, tsamba ndi tsamba, chala chikutsetsereka. Lachitatu linatha osapeza kanthu. Lachinayi maso a bambo anayamba kuchita chidima, ndipo mantha anawagwira kuti mwina tsiku limene anakonza foniyo anachita ulesi osalemba. Chakumasana mayi anati, "Abambo, taonani apa." Linali kope lachisanu ndi chinayi. Pansi pa manambalawo panalembedwa kuti mayi wosoka zovala, kuseri kwa chigayo, foni ndi ya bambo ake.

Apa m'pamene a Nambala anazindikira kuti ntchito yolemera inali isanayambe, poti tsopano ankafunika kukanena. Anadzera kuchipatala kukatenga wa jombo uja, iye poti zoterezi anazizolowera, ndipo onse analunjika kuseri kwa chigayo kuja.

Mayi wosoka uja anamupeza pakhonde akupalasa makina. Atangoona kafoni m'kajumbomo anadzambatuka, nsalu n'kugwera pansi. Nkhope yake inawala, ndipo zimenezo n'zomwe zinawapweteka a Nambala koposa. Anayamba kufotokoza mosapumira kuti bambo akewo mutu unayamba kuwasokonekera chaka chatha, amangochoka osatsanzika, n'chifukwa chake anawasokera kathumba ka foni m'kati mwa malaya. Anali atawafuna kwa achibale onse, m'misika, m'madepoti, ndipo m'mawa uliwonse ankaimba nambala yawo ngakhale ankadziwa kuti siikupezeka. Kuchipatala anapitako ndithu, koma anangozungulira m'mawodi. Kunyumba yachisoni sanayerekeze kufikako.

"Ali kuti? Adya?"

A Nambala anavula magalasi. Mayiyo anawayang'ana, kenako anayang'ana jombo zoyera za mnzawoyo, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono, pasimenti pomwepo. Wa jombo anagwada n'kumuuza zonse mosabisa. Anamuuzanso kuti akapita lero lomwe, bambo ake satengedwa ndi akhonsolo mawa, akagona kwawo pakati pa abale awo.

Mayiyo sanalire nthawi yomweyo. Analowa m'nyumba, ndipo anakhalitsamo moti a Nambala anayamba kuda nkhawa. Potuluka anali atavala nsapato, m'manja atanyamula jekete lochindikala la bambo ake, lopindidwa bwinobwino.

"Tiyeni," anatero. "Ndimamva kuti kumeneko kumazizira, ndipo iwo anachoka ndi malaya okha."