Bondo la Atate ndi Jakisoni wa Sitemu Selo

Bondo la atate linayamba kuvuta chaka chimene ndinali Fomu 2, nthawi yothirira nazale za fodya. M'mawa linkauma gwa, ndipo akagwada pozula udzu, kudzuka kwake kunali kogwirira khasu. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ku Njombwa anati ndi nyamakazi. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwaletsa kunyamula makeni a madzi. Atate anati mapiritsi ndi ochedwa.

Mu Novembala, makuponi a feteleza atangotuluka, pamsika panafika bambo wina wa njinga yamoto, wovala khoti loyera. Ankati ali ndi jakisoni wa maselo amoyo otchedwa sitemu selo, womeretsa bondo latsopano ngati mphukira za fodya. Wopanda ndalama ankangopereka kuponi. Ine ndinawauza atate kuti maselo amoyo sangayende padzuwa m'chikwama, tinaphunzira ku bayoloje. Iwo anati, "Iwe mtsikana, Fomu 2 yakoyo isakuzunguze mutu." Anapereka kuponi yathu, n'kubayidwa kuseri kwa golosale.

Sabata isanathe bondo linatupa, likutentha, khungu likunyezimira. Atate ankanjenjemera, chakudya osachifuna. Tinawatengera pangolo mpaka pamsewu, kenako pamatola kukafika kuchipatala chachikulu cha ku Boma. Adokotala anapopa mafinya, nati, "Mukanachedwanso tikanakamba zodula mwendo. Mankhwala otero sagulitsidwa pamsika. Munthuyo wakulowetsani tizilombo m'bondo."

Amayi anatsala kumunda, wodwazika ndinali ine. Ndinazolowera moyo wa m'wodi: kutuluka okolopa akalowa, kuyang'anira diripi, kudikira adokotala, kugwira atate dzanja potsuka bala. Atate, amene sindinawaonepo akulira, ankaluma pilo. Khirisimasi tinadyera komweko, ndipo titatuluka tinapeza chimanga chathu chili chachikasu, chopanda feteleza.

Mu Julaye, alimi akugulitsa fodya, bambo uja anabweranso, ayi ndithu wopanda manyazi. Ndinamupeza akunyengerera a Nabanda, aneba athu, amenenso mawondo amawavuta. Mwezi umenewo chitedze chimakhala chitauma bwino kudambo. Ndinakathyola ndi timitengo, n'kupalira ubweya wake m'botolo. Tsiku la msika lotsatira bamboyo anakoleka khoti lake panjinga n'kupita kokadya kanyenya. Ndinathira m'kolala, m'khwapa, ndi pachishalo pomwe.

Anabwera, anavala, anakhala pachishalo, n'kuyamba kuitana anthu. Posakhalitsa chitedze chinayamba kumuyabwa. Anakanda khosi, anakanda msana, anavula khoti, malaya, kenako n'kumagubuduzika mumchenga. Ine ndinakuwa, "Adokotala, dzibayeni sitemu selo, limera khungu latsopano!" Chikwama chake chinagwa, anthu n'kuona kuti anali ndi jakisoni mmodzi yekha wobayira aliyense, wokulunga m'kansanza. Anathawa akukankha njinga, pachishalo osakhalika. A Nabanda anabwerera kwawo osabayidwa.

Amayi anati ndinachita zosayenera mwana wamkazi, ndikalape. Sindinalape, ndipo sindidzalapa.

Panopa atate akuyenda ndi ndodo. Bala linapola, koma nyamakazi sinathe, ndipo bondo silipindika monga kale. Amamwa mapiritsi aja, amawongola mwendo m'mawa monga anawaphunzitsira anamwino, ndipo nazale timathirira ndife. Inu amene bondo layamba kuuma kapena kutupa, pitani kuchipatala msanga, musalole kubayidwa kuseri kwa golosale. Chitedze chotsala ndinachitsekera bwino m'botolo. Makuponi atulukanso posachedwa.