Bondo la mnansi wanga pa masitepe amiyala

Mnansi wanga savomera kuti wakula. Imvi amazipaka mankhwala akuda, ndodo amati ndi ya nkhalamba, chonsecho bondo lake limalira ngati chitseko chosowa mafuta. Ndikamuseka amangoti, "Achimwene, galimoto yakale ndiye yolimba."

Ndiye mwana wake wamkazi anasankha kumangitsira ukwati m'tchalitchi china chakale cha pamtunda. Masitepe ake ndi amiyala, ataliatali, ndipo mapazi a anthu anawadya mpaka pakati panalowa ngati mbale. Chogwirira palibe. Mkuluyu analumbira kuti mwana wake amuperekeza yekha mpaka pakhomo, wopanda ndodo, atavalanso nsapato zatsopano zoterera.

Tsikulo ndinkawatsata pambuyo, manja ali okonzeka kuwakha, ngakhale langanso bondo ndi lomwelo. Ndinkadziwa kuti munthuyu akagwa pamaso pa akuchimuna, sadzatulukanso m'nyumba ndi manyazi.

Tili pakatikati, nsapato inaterereka, bondo n'kupinda. Ine mtima unangoti phaa! Koma mkwatibwi anamukola mkono mwamphamvu, uku akumwetulira ngati palibe chachitika. Anakwera choncho pang'onopang'ono, anthu n'kumayamikira kuti bambowa akuyenda mwaulemu. Ine ndekha ndi amene ndinaona yemwe ankakweza mnzake.

Titafika pamwamba, mtima wanga unakhala pansi. Mkulu uja anandicheukira, thukuta lili kamukamu.

"Mwaona, achimwene? Ndamufikitsa."

"Zikomo, bambo," anatero mwana uja monong'ona. "Koma tsopano ndisiyeni mkonowu, magazi ayende. Mwini wake akuudikira kutsogoloko."