Chitsa cha a Dyson

Okutobala akafika ku Nazombe, dzuwa limawotcha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Ndi nyengo yofolera nyumba ndi yotentha zitsa, chifukwa mvula yoyamba ikangonyowetsa chitsa, moto sugwiranso mpaka chaka china.

Pabwalo la a Dyson panali chitsa cha mango. Mtengowo adaubzala okha chaka chomwe adachoka kwawo ku Chiwalo kudzakhala chikamwini kwa a Eveles. Alamu awo adawaseka, amvekere mkamwini sabzala mtengo poti sadziwa tsiku lochoka. Iwo adangopitiriza kuthirira. Mtengo udabereka zaka makumi anayi, mpaka mphepo ya mkuntho idaugwetsa. Chaka chotsatira a Eveles adamwalira.

Chitsacho chinali chofika m'mawondo. Pamenepo ndi pomwe a Dyson ankakhomera ndowa ndi mbaula za anthu, ntchito yawo ya moyo wonse, ndipo pamwamba pake padasalala ndi nyundo.

Mwambo ankaudziwa. Mkazi akamwalira, abale ake amasudzula mwamuna, ndipo amuna ambiri amabwerera kwawo. A Dyson adasudzulidwa, koma palibe adawauza kuti achoke, palibenso adawauza kuti akhale. Ku Chiwalo ambiri owadziwa adapita kale kumanda.

M'mawa wina Belita, mwana wawo wamkulu amene tsopano ankayang'anira malo a mayi ake, adaima pachitsapo atanyamula lichero la nandolo.

"Ababa, ichi chichoke mvula isanagwe."

"Chakulakwira chiyani?"

"Malowa tikuwafuna."

Sabata yonse nyundo sidamveke pabwalo. A Dyson adachapa malaya awo onse atatu, nalonga zitsulo zawo m'thumba. Belita ataliona thumbalo kuseri kwa chitseko, adakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula.

"Ulendo wa kuti umenewu?"

"Paja wati malo mukuwafuna."

"Inde, pomangapo nyumba yanu. Iyi ikudontha ngati dengu. Njerwa zomwe akamwini anu a Howard akuwotcha kudambo zija mumati n'za ndani?"

A Dyson adakanda kumutu.

"Bwanji sunanene?"

"Inunso bwanji simunafunse? Mkonono wanuwo angaupirire ndani ku Chiwaloko? Ife tidazolowera."

Mkuluyo adatsokomola, nayang'ana kuphiri la Michesi kumene mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Howard asachikhudze chitsacho," adatero. "Angothyola nkhwangwa yanga. Mizu yake ndikuidziwa ndine."

Adayamba tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Adakumba mozungulira mpaka khasu lidagunda mizu. Umodzi udalowera kunkhokwe, wina kumene a Eveles ankatsukira mbale, ndipo umenewo ndiwo unali wonenepa kuposa yonse. Adaidula umodziumodzi, akumapuma pakati, thukuta likudonthera m'dzenje. Belita adawabweretsera thobwa, iwo adamwa ali chiimire.

M'dzenjemo adathiramo gaga ndi ndowe zouma za ng'ombe, nayatsa, navindikira ndi lata lakale kuti moto uzidya pang'onopang'ono. Utsi woonda udakwera masiku anayi. M'mawa uliwonse ankavundukula, kupala makala, ndi kuwonjezera gaga.

Tsiku lachisanu mphepo idabwera ndi fungo la mvula yogwa kutali. A Dyson adalowetsa mtengo wolimba pansi pa chotsala cha chitsa, nakanikiza ndi thupi lonse. Chidazuka. Adachikunkhuniza mpaka kukhitchini kwa Belita, nabwerera kudzakwirira dzenje, napondaponda dothi mpaka padakhala see.