Tinkati Anali Malungo

Achimwene anga anadzipha ine ndili kuno ku Dublin, mapepala anga asanatuluke, moti kumaliro sindinapite. Kwathu amayi anauza anthu kuti anali malungo. Abusa analalikira, kwaya inaimba, ndipo bodzalo tinalisunga banja lonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Lachinayi ndikaweruka msanga ndinkalowa mu laibulale ku Clondalkin. Sikuti ndimakonda mabuku, ayi. M'menemo munkafunda, ndipo basi yanga inkachedwa. Ndinapezamo kagulu ka anthu owerenga ndakatulo, ndipo mwezi umenewo anali pa alakatuli a ku America. Ndinkakhala kumbuyo, jekete osavula.

Koma abale, anthu amenewo analibe manyazi! Wina analemba za uchidakwa wa bambo ake. Wina za chipatala cha amisala komwe anagonekedwa, mpaka fungo la m'mawodi. Wina za kholo lake lomwe linadzipha iye ali wamng'ono. Mayi wotsogolera gulu anatiuza kuti angapo mwa iwo anathera momwemonso, kudzichotsa okha moyo. Poyamba zinandinyansa. Munthu wamzeru zake kuyanika za m'nyumba pamsewu? Kenako ndinayamba kuwachitira nsanje. Iwo ankatchula chinthucho ndi dzina lake, pomwe ine ndinkangoti malungo, ngakhale popemphera.

Ndinalemba ndakatulo yanga m'basi, m'Chingerezi. Ndinkaganiza kuti Chingerezi ndi mpanda, amayi sangasuzumire. Poti sindinaone momwe zinachitikira, ndinapeka: ndinalemba ngati ndine ndinatsegula chitseko cha chipinda cha achimwene m'mawa uja.

Tsiku lowerenga pagulu ndinaitana mnzanga wa kutchalitchi, mayi wa ku Zambia wokhala ku Mulhuddart. Nditamaliza anthu anaomba m'manja. Iye anandikumbatira akulira.

"Sisi, so powerful! Nakujambulani ka video, naika pa group ya church."

Sindinamuletse. Kunena zoona, ndinanyada. Ndinaiwala kuti pagulu la pafonilo pali mlamu wa msuweni wanga. Sabata isanathe kanemayo anali atafika kwathu, ndipo mphunzitsi wina anawamasulira amayi mzere ndi mzere.

Amayi anandiimbira Lamlungu masana ndikusita yunifolomu. Moni sanandipatse.

"Akuti walemba kuti unamupeza ndiwe."

"Amayi, ndi ndakatulo chabe. Anthu amalemba choncho."

"Unamuona iwe?"

"Ayi, amayi."

"Ndinamuona ndine. Ndinamutsitsa ndekha, ndinamugoneka pamphasa, ndinamufunditsa mpaka m'khosi ndisanaitane munthu, kuti mwana wanga aikidwe ndi nyimbo ngati anzake. Dzulo kumsonkhano wa amayi a mpingo palibe yemwe wakhala nane pa benchi."

Ndinafuna kuwauza kuti nanenso chinthucho chinkandidya, kuti ndinalira ndekha m'dziko la eni. Ndinangoti pepani. Iwo anadula.

Ndinawakwiyira alakatuli aja ngati anachita kundituma. Sabata zonse zija tinamva za mphoto zawo, maukwati awo ndi matenda awo, koma palibe anatiuza zomwe amayi awo anamva atawerengeredwa.

Ku laibulale ndinasiya kupita. Basi ndimadikirira panja, ngakhale kugwe mvula. Lamlungu lililonse ndimaimba foni kwathu, ndipo amayankha ndi mng'ono wanga.

"Amayi atuluka," amatero.

Ine ndimawamva akutsokomola pafupi pomwepo.