Mapazi Olowa M'madzi

Dzina lawo lenileni linatha kalekale ngati sopo. Pachilumba ponse ankangoti a Chafutambuyo, iwo n'kumavomera bwinobwino. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo.

Kuseri kwa chilumbacho, ukadutsa minda n'kutsika kanjira ka mbuzi pakati pa matanthwe, kuli kagombe ka mchenga woyera mbee, kobisika moti ukhoza kukadutsa pa boti osakaona. Mwini hotela ya kudoko ankatumizako alendo madzulo aliwonse, atawauza kuti akukaponda pamene munthu sanapondepo. Bodza lamkunkhuniza! Munthu ankapondapo tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo anali a Chafutambuyo, reki yathabwa ili m'manja, akutola ndere ndi zitsekerero za mabotolo, akufufuta mapazi a alendo adzulo. Pofuna kuti awo mapazi asatsale, ankasalaza mchengawo akuyenda chobwerera m'mbuyo, reki ikukwirira pamene aponda.

Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lili bii, mpaka linachita mbuu. Mapazi a anthu ankawadziwa kuposa nkhope zawo. Ankatha kukuuza kuti apa panaponda woyendetsa boti, apa mayi wonenepa wonyamula mwana, apa chidakwa. Miyendo yawo nayo inazolowera. Paja madzi saiwala khwawa: pochoka kumadzi, ngakhale alibe reki, thupi linkangobwerera lokha chambuyo, nkhope ili kunyanja.

Akazi awo ankawaseka nazo. "Inu tsiku lomwalira mudzalowa m'manda chafutambuyo, n'kufufuta njira kuti tisadziwe kokakulirani." Koma anatsogola ndi mayiwo. Boti limene anakwera popita kumsika wa kutsidya linagubuduzika ndi mphepo, ndipo thupi lawo silinapezeke. Bamboyo anatsala okha m'kanyumba ka chipinda chimodzi pamwamba pa thanthwe, muli bedi lachitsulo, wailesi yopanda mabatire, msomali wopachikapo reki ndi mbale ziwiri, ina yongosonkhanitsa fumbi.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, telala wa m'tauni ya kutsidya. Tsiku lina anangoti balamanthu ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Anali atamva kwa aneba kuti bambo ake ayamba kuiwala ketulo pamoto mpaka kubooka, ndiponso kuti amapatsa munthu mmodzi moni kawiri.

"Bambo, longedzani. Tikakhale limodzi kwathu, chipinda chilipo."

"Ndani wakuuza kuti ndikudwala? Aneba anga ndi amiseche. Ine ndikachoka, mchenga ausalaze ndani?"

"Mchenga ndi m'bale wanu kodi?"

"Iwe, pakamwa ngati amayi ako!"

Koma za mchengazo anali mawu chabe. Chimene chinkawamanga miyendo a Chafutambuyo anali asanauzepo munthu. Akamaliza kusalaza, dzuwa lili paliwombo, ankagona pang'ono mumthunzi wa thanthwe podikira boti la alendo. Ndiye kuyambira nyengo ya mphepo, ankati podzuka n'kupeza mapazi pamchenga umene ausalaza okha. Mizere iwiri, yoyandikana, ya mapazi opanda nsapato. Inkayambira pamene iwo agona, n'kulunjika kumadzi. Yonse iwiri yolowa. Wotuluka panalibe.

Tsiku loyamba thupi lonse linachita tsemwe. Anayang'ana kumatanthwe, kunyanja, kukanjira: kuli zii, ngakhale mbalame osalira. Anafufuta mapaziwo. Mawa lake anawapezanso. Kenaka anazindikira kuti buluku lawo likumakhala lonyowa mpaka m'mawondo, ndipo mantha anasanduka chinthu china. Anati mumtima: ndi mayi aja. Amabwera ndi mnzawo wa m'boti lija, amakhala pambali panga ndili m'tulo, zovala zawo zikudontha, kenaka amabwerera kwawo. Masiku akupita, chinyezi chinakwera kufika m'chiuno. Iwo anakondwa, amvekere ndiye kuti akusendera pafupi. Munthu angachoke bwanji pamalo pamene mkazi wake amamuyendera?

Mwana uja ataona kuti bambo ake akanitsitsa, anati, "Chabwino. Mawa ndipita nanu, ndikauone mchenga wolanda bambo angawu."

Anatsika limodzi m'mawa, mwanayo atanyamula nsapato m'manja, akudandaula za miyala. Atafika pansi, mwanayo anamwaza maso uku ndi uku. Matanthwe anali atazinga gombelo mbali zonse ngati khola, madzi ali phee, obiriwira, osachita ngakhale kafunde.

"Kuno mumakhalako nokha tsiku lonse? Ine tsitsi likundiimirira."

"Ndani wati ndimakhala ndekha?" anayankha bamboyo, n'kuyamba kukoka reki.

Anasalaza gombe lonse mwaluso, mizere ya reki ili ndondondo ngati tsitsi lopesa. Dzuwa litafika pamutu anagona pamalo awo a masiku onse, chipewa kumaso. Ankafuna kuti mwanayo aone yekha, asiye kuwayesa wodwala.

Anadzidzimuka akumva kuzizira. Anali chogona pomwe paja mumthunzi, koma malaya anali onyowa mpaka kolala, m'kamwa muli madzi. Mwana wawo anali atagwada pambali pawo, diresi ili nyowe, akupuma ngati wothamangitsidwa ndi galu. Pamchenga panali mizere iwiri ija, yolowa m'madzi.

"Waona?" anatero a Chafutambuyo mwachimwemwe. "Waona, mwananga? Amayi ako amenewo. Lero afika mpaka pakhosi panga. Nawenso akukhudza?"

Mwanayo anapukuta kumaso, n'kuwagwira dzanja.

"Dzukani, bambo. Bwerani. Ikani phazi lanu apa."

"Usandipondetse pa mapazi a malemu, iwe!"

"Ikani, ndapota nanu."

Anaika. Phazi linalowa ndendende, chidendene pachidendene. Chala chachikulu chopindika, chimene chinathyoka ndi mwala ali mnyamata, chinagona m'malo mwake. Anayesa mzere winawo: chimodzimodzi. Ha! Munthu wodziwa mapazi a chilumba chonse, ake anali asanawaonepo. Akanawaona liti, poti moyo wawo wonse ankawafufuta asanawayang'ane?

"Munadzuka maso ali gwa, koma osandiona," anatero mwanayo. "Ndinakuitanani, osamva. Munayenda molunjika kulowa m'madzi mukuitana amayi. Ndimati muima m'mawondo, osaima. M'chiuno, osaima. Ndakugwirani kolala madzi atafika pachibwano. Mpamene munayamba kubwerera, chafutambuyo monga mwa ntchito yanu, mpaka kudzagonanso apa. Mzere uwu ndi wopita, uwu ndi wobwerera. Onse ndi anu, bambo."

Apo mpamene anaona mapazi enanso cha pambali, aang'ono, otalikirana ngati a munthu wothamanga. Amenewo okha ndiwo anali ndi olowa ndi otuluka.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, madzi akudontha m'malaya. Anakumbukira buluku lonyowa m'mawondo, kenaka m'chiuno. Anagwira kolala. Sanafune kufunsa kuti mawa chinyezi chikanafika pati. Chimene chinawapweteka si chimenecho.

"Ndiye kuti amayi ako sanabwerepo?"

"Sanabwerepo, bambo."

"Ngakhale tsiku limodzi?"

Mwanayo anapukusa mutu, misozi ili chuchuchu. A Chafutambuyo analira ngati kuti uthenga wa boti lija wangofika kumene. Pamaliro opanda mtembo aja sanalire chotero.

Chapatali kunamveka injini ya boti la alendo. Dzanja linapita lokha pa reki. Anaikweza pamwamba pa mizere ija, n'kuima. Kenaka anaiyedzamiritsa pathanthwe.

"Asiye awaone," anatero. "Adziwe kuti kuno kunali munthu."

Poti anyamuke, thupi linatembenukanso lokha, nkhope kunyanja, mwendo ukufuna kubwerera chambuyo. Mwanayo anawagwira mapewa onse awiri n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kukanjira.

"Kutsogolo, bambo. Ine ndili pambuyo panu."

Anayenda motero, mwapang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda. Atafika pamiyala anacheuka kamodzi. Mapazi awo anali pamchenga, ochoka kumadzi, chala chopindika chikuoneka bwinobwino.

"Chikwama chako chija," anafunsa, "mbale ziwiri zikwanamo?"